Chifukwa chimene akaidi a nkhondo a 1945 sanapatsidwe chakudya chokhuta

Japan italengeza kuti yagonja pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse pa 15 Ogasiti 1945, asilikali zikwizikwi a Britain, Australia, America ndi Netherlands anali akadali m'ndende zake, ku Singapore, Thailand, Java, Manchuria ndi ku Japan komweko. Magulu ankhondo apansi akanatenga masabata kuti afike kumeneko. Oyamba kufika m'misasa ina anali timagulu ta asilikali otsika pa ndege ndi maparachuti, ena mwa iwo madokotala. Gulu lina la America linatsikira ku Mukden, mzinda wa ku Manchuria m'dziko la China, pa 16 Ogasiti. Ndege za B-29 zinayamba kuponya migolo ya chakudya, ndipo limodzi ndi chakudyacho panali timapepala tochenjeza akaidiwo kuti asadye mopitirira.

Chenjezo limeneli limamveka ngati nkhanza. Anthuwa anali atakhala zaka zitatu akudya kampunga koyera kochepa, akugwira ntchito yakalavulagaga. Panjanji ya pakati pa Thailand ndi Burma pokha panafa akaidi pafupifupi 12,000. Otsalawo nthiti zinkawerengeka, miyendo itatupa ndi matenda a beriberi, amene amabwera thupi likasowa vitamini B1. Munthu wotere ungamuuze bwanji kuti adye pang'ono?

Komatu chenjezolo linali loona, ndipo ife azachipatala timaligwiritsabe ntchito. Munthu akakhala nthawi yaitali osadya mokwanira, thupi limayamba kudya mafuta ndi minofu yake, ndipo nkhokwe za michere monga fosifeti, potaziyamu ndi maginiziyamu zimaphwa. Mukayeza magazi ake, michereyi imatha kuoneka ngati ili bwinobwino, ndipo apa ndi pamene ambiri amanyengeka. Ndiye munthuyo akadya mbale yodzaza ya mpunga kapena zotsekemera, shuga amachuluka m'magazi, thupi limatulutsa insulini yambiri, ndipo insuliniyo imakankhira shuga pamodzi ndi michere yotsala ija m'maselo. M'magazi mumatsala mochepa kwambiri. Mtima, umene nawonso unali utawonda ndi njala, umayamba kugunda mosokonekera. Madzi amadzaza m'mapapo, munthu amabanika, amasokonezeka mutu, mwina kukomoka. Zimenezi zimachitika m'masiku ochepa oyambirira, abale akusangalala kuti wayamba kudya.

Amene anasungapo mwana wonyentchera m'chipatala kuno kwathu aona nzeru yomweyi. Mwana wodwalika sitimuyambitsa chiponde tsiku loyamba. Timayamba ndi mkaka wa F-75, wopepuka, pang'onopang'ono maola awiri kapena atatu alionse, usiku womwe. Amayi ena amadandaula kuti mwana sakukhuta, ndipo ndimawamvetsa, koma cholinga cha masiku amenewo ndi kukhazikitsa thupi, kunenepa kumabwera pambuyo.

Akaidi aja atakwera sitima kubwerera kwawo, ambiri ananenepa panjira, moti achibale powalandira padoko anaganiza kuti achira. Sizinali choncho. Ena malungo ankawabwerera, ena maso anawonongeka mpaka kalekale chifukwa chosowa mavitamini, ambiri ankalota zoopsa osauza munthu. Madokotala a ku Liverpool School of Tropical Medicine anapeza kuti ena anali ndi njoka zam'mimba zotchedwa Strongyloides patatha zaka zoposa 30. Njokazi zimaswana m'thupi momwemo, ndipo zinkaonekera ndi zidzolo zoyabwa zoyenda pakhungu, zimene madokotala ambiri a ku Britain sankazidziwa.

Ngati muli ndi wodwala amene watha sabata kapena kupitirira osadya kwenikweni, kaya ndi TB, khansa kapena uchidakwa, musamuthamangire ndi nsima yambiri ndi zakumwa zashuga. Yambani ndi phala lochepa kangapo patsiku, muzionjezera tsiku ndi tsiku. Akayamba kutupa miyendo, kupuma movutika kapena kulankhula zosamveka, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo ndipo muwauze adokotala kuti wakhala nthawi yaitali bwanji osadya.