Ng'azi si mwana wa ng'ona ayi

Anthu ambiri akaona ng'azi ikuwothera dzuwa m'mbali mwa Shire ku Liwonde National Park amayamba kukuwa kuti "kang'ona ako!" Ayi ndithu abale, ng'azi ndi buluzi basi, kungoti ndi wamkulu, ina imafika mamita 2 kuphatikiza mchira. Ndipotu ndi mdani weniweni wa ng'ona, imafukula mazira a ng'ona mumchenga n'kudya make akangochokapo, pomwe akeake imakonda kuikira m'chulu cha chiswe, yochenjera heavy. Lilime lamphanda lija silolumira ngati mmene ena amanenera, imanunkhizira. Mukafuna kuijambula pitani m'mawa isanatenthedwe, jambulani muli chapatali, mukaiyandikira ithawira m'madzi ndipo mukaipanikiza ikukwapulani ndi mchira, zimawawa zedi.