Rada ikazima, kodi ndege zimagundana m'mlengalenga?

Pamamveka mphekesera yakuti rada ya oyang'anira kayendedwe ka ndege ikangozima, ndege zimauluka mwachimbulimbuli mpaka kugundana. Limeneli ndi bodza.

Rada si imodzi. Ina imatumiza mafunde n'kuwamva akabwerera atagunda ndege, pamene ina imafunsa kachipangizo ka m'ndege kotchedwa transponder, kamene kamayankha nambala ya ndegeyo ndi kutalika kwa m'mwamba kumene ikuuluka. Ndege zambiri zimalengezanso zokha malo amene zili kudzera mu njira yotchedwa ADS-B, yodalira GPS.

Zonsezi zikalephera, woyang'anira amabwerera ku njira yakale. Oyendetsa ndege amanena pa wailesi pamene afika, iye n'kutalikitsa mipata, ndege zina n'kuziletsa kunyamuka. Umu ndi mmene ndege zinkawolokera nyanja ya Atlantic kwa zaka zambiri, kumene rada siifika n'komwe. Chimene okwera amaona ndi kuchedwa basi, kotopetsa ndithu koma kosaopsa.

Ndege zikuluzikulu zilinso ndi makina opewera kugundana otchedwa TCAS, osadalira rada ya pansi. Ndege ziwiri zikayandikirana, TCAS imauza ina kuti ikwere, inayo itsike.

Komabe ngozi inachitikapo. Pa 1 July 2002, ndege ziwiri zinagundana pamwamba pa Überlingen ku Germany, anthu 71 n'kumwalira. Usiku umenewo makina a rada ankakonzedwa, woyang'anira anali yekha, ndipo oyendetsa ndege imodzi anamvera iyeyo pamene anati atsike, chonsecho TCAS inkati akwere. Chichitikireni ngoziyo lamulo linakhwimitsidwa: TCAS ikalamula, woyendetsa amatsatira iyo, ngakhale woyang'anira anene zosiyana.