Zimene zimasokoneza zotsatira za magazi a mayi woyembekezera amene BP yakwera

Kodi ndondomeko ya kusikelo imati chiyani?

Malangizo a WHO a 2016, omwe Malawi imatsatira, amati mayi azipita kusikelo maulendo 8 ndipo aziyezedwa BP ulendo uliwonse. Ikafika 140/90 mimba itadutsa milungu 20, amamuyeza mkodzo, ndipo komwe kuli labotale amamutenga magazi kuti aone impso, chiwindi ndi ma platelet, omwe amathandiza magazi kuundana, pofufuza matenda a preeclampsia, omwe amakweza BP ya woyembekezera ndipo amatha kuwononga ziwalo monga impso ndi chiwindi.

Zotsatira zikaipa, ndiye kuti ndi preeclampsia?

Osati nthawi zonse, ndipo kwathu kuno zosokoneza n'zambiri. Malungo amatsitsa ma platelet monga momwe preeclampsia yoopsa imachitira. Likodzo, lomwe ndi lofala m'mbali mwa nyanja, komanso matenda a chikhodzodzo, amachititsa kuti mumkodzo mupezeke mapuloteni. Mankhwala a dolutegravir, omwe ali m'ma ARV amene ambiri akumwa masiku ano, amakweza pang'ono creatinine (zinyalala za m'magazi zomwe amayeza poona mmene impso zikugwirira ntchito) ngakhale impso zili bwino, pomwe Hepatitis B imasintha zotsatira za chiwindi. Komabe n'kulakwa kwakukulu kukankhira zonse kwa malungo n'kumubweza mayi kunyumba, chifukwa malungo ndi preeclampsia amatha kumugwira nthawi imodzi.

Nanga zikatuluka zabwino?

Mimba imachititsa impso kusefa magazi ambiri, choncho creatinine imatsika. Nambala yomwe ili yabwinobwino kwa munthu wamba ikhoza kukhala chenjezo kwa woyembekezera.

Kodi palibe kuyeza kolunjika?

Ku Britain, bungwe lopereka malangizo a zaumoyo la NICE limalola kuyeza PlGF, puloteni yochokera ku nsengwa, mayi akamakayikiridwa kuti ali ndi preeclampsia kuyambira milungu 20 mpaka asanafike milungu 37. PlGF ikatsika kwambiri, kapena inzake ya sFlt-1 ikakwera, ngozi imakhala yaikulu. Kuyeza kumeneku nakonso kuli ndi zosokoneza: PlGF imakwera mpaka cha m'ma milungu 30 kenako n'kuyamba kutsika, mapasa amakweza sFlt-1, ndipo fodya ndi kunenepa kwambiri zimasinthanso manambala. N'chifukwa chake kudziwa bwino msinkhu wa mimba n'kofunika, ndipo mayi woyamba sikelo mochedwa amavutitsa kuwerengaku.

Mayi achite chiyani?

Atenge buku lake la kuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa, azitsamba omwe, n'kuwauza anamwino ngati wadwala malungo posachedwapa. Mutu ukamawawa kwambiri, akamaona chizimezime, akatupa nkhope kapena kumva kuwawa pansi pa nthiti za kumanja, apite kuchipatala tsiku lomwelo osadikira tsiku la sikelo.