Zoti ku Thailand uhule ndi wololedwa ndi bodza

Anthu ambiri amangoti ku Thailand uhule ndi wololedwa poti amaona mavidiyo a malo a mabala ngati Walking Street ku Pattaya kapena Nana Plaza ndi Soi Cowboy ku Bangkok, magetsi ali ngwee atsikana ataima pakhomo. Ayi ndithu. Lamulo loletsa uhule lilipo kuyambira 1960, ndipo mu 1996 anakhazikitsa lina lomwe likugwirabe ntchito mpaka pano, lokhwima zedi kwa eni malo komanso ogona ndi ana osakwana zaka 18.

Nde zimatheka bwanji? Malowo amalembetsa ngati mabala kapena malo a masaji basi. Kasitomala amalipira bala ndalama yomwe amati bar fine kuti mtsikanayo aweruke msanga usiku umenewo, zomwe akakambirane kunjako mwini bala amati sizikumukhudza, apolisi nawonso nthawi zambiri amangoyang'ana kumbali.

Pattaya yomweyo unali mudzi wa asodzi, unatchuka nthawi ya nkhondo ya Vietnam asilikali a America akubwera kudzapuma. Pano kwadzaza madala achizungu okhala pa viza ya opuma pantchito, yomwe imafuna munthu wa zaka 50 kupita mtsogolo ndi 800,000 baht (ndalama za ku Thailand) kubanki, ndipo masiku 90 aliwonse amayenera kudziwitsa a imigireshoni komwe akukhala.