Magazi akachepa sikuti basi ndi ayironi

Ndatopa nazo zoti munthu akangomva chizungulire, m'manja mwayera, akupuma befu pokwera kamtunda, basi wathamangira kukagula mapilitsi a ayironi kapena timabotolo tija amati towonjezera magazi, osayezetsa n'komwe. Abale, kuchepa kwa magazi ndi chizindikiro chabe, ife azachipatala timafuna chimene chawachepetsa.

Hb, mlingo wa magazi umene timayeza kulabu, ikatsika pansi pa 12 kwa amayi, 13 kwa abambo, 11 kwa oyembekezera, eya magazi achepa. Koma papepala lomwelo la zotsatira za kulabu, lotchedwa full blood count, pali MCV, imene imaonetsa kukula kwa maselo ofiira. Ayironi akasowa timaselo timakhala tating'ono, MCV pansi pa 80. Ikadutsa 100 imeneyo ndi nkhani ina, nthawi zambiri ndi kusowa kwa mavitamini a B12 kapena folic acid, ndipo wa B12 uja amadandaula dzanzi kumapazi, inu mukumumwetsa ayironi uku mitsempha ikuwonongeka. Palinso thalassemia, nthenda ya magazi yobadwa nayo, maselo ang'onoang'ono chimodzimodzi koma ayironi alipo wokwanira. Malungo ndi sickle cell zimaswa maselo, impso zikafooka thupi silipanga magazi okwanira, onsewa ayironi sawachiza.

Chotsimikizira ndi ferritin, nkhokwe ya ayironi m'thupi. Ikakhala pansi pa 15 palibe zokangana. Vuto lake imakwera munthu akamadwala matenda ena, ndiye ikhoza kuoneka bwinobwino pomwe nkhokwe mulibe kanthu, n'chifukwa chake pepala limenelo musamadziwerengere nokha.

Ndiye tikapeza kuti ndi ayironidi funso silinathe, akuthawira kuti? Kwa mayi timafunsa za msambo, timaganizanso njoka za m'mimba. Koma bambo wamkulu kapena mayi amene anasiya kusamba, ameneyo timayamba taganiza kuti akutaya magazi m'mimba kapena m'matumbo. Pali bambo wina amene mpaka pano amandiwawa mumtima. Anamwa ayironi nthawi yaitali, Hb kukwera pang'ono kenako kutsikanso, wina wogulitsa mankhwala n'kumamuuza kuti ingowonjezerani botolo lina achimwene. Chimbudzi chinkatuluka chakuda, iye ankati ndi mapilitsi aja, pajatu ayironi amadetsadi chimbudzi. Pomwe amadzafika kwa ife anali ataonda, khansa ya m'matumbo itafalikira kale. Hb yoyamba ija ikanamutumiza kokaunika m'matumbo bwenzi tikunena zina.

Mukapatsidwa ayironi moyenera, pakatha milungu 4 Hb izikhala itayamba kukwera, ndipo mumapitiriza kumwa miyezi 3 magazi atabwerera kuti ferritin nayo ikwere. Ikapanda kusuntha musawonjezere mlingo nokha, bwererani kuchipatala. Aliyense amene akukugulitsani mankhwala a magazi asanaone zotsatira za kulabu, kaya wavala gauni yoyera kaya akulengeza pa Facebook, musiyeni ndi botolo lakelo.