Lekani kulemba wakupha ngati chilombo

Ndatopa ndi nkhani zomwe ophunzira anga a zolembalemba amabweretsa tikafika pa mutu wa kupulula mtundu wa anthu. Wakuphayo nthawi zonse amakhala wa maso ofiira, woseka pozinga mwana, mwinanso wogwidwa ziwanda. Wolemba amaona ngati walanga woipa, chonsecho wamasula owerenga. Aliyense amatseka buku n'kunena kuti ine sindine wotero.

Ku Rwanda mu 1994 anthu pafupifupi 800,000, ambiri Atutsi, adaphedwa m'masiku 100. Amene ankagwira zikwanje sadatuluke m'nkhalango ayi. Mtolankhani Jean Hatzfeld adacheza ndi gulu la akaidi ku ndende ya Rilima, amuna a m'dera la Nyamata, ndipo buku lake lidatuluka mu 2003. Ambiri anali alimi, anzawo a mpira, ena opemphera. Ankasonkhana m'mawa pabwalo la mpira, kutsikira kumadambo kukasaka anansi awo, madzulo n'kubwerera kukamwa mowa ndi kugawana malata ndi ng'ombe zolanda. Chimene chimandivuta mpaka lero n'chakuti amafotokoza kutopa kwa mikono yawo momveka bwino kuposa nkhope za anthu amene adawapha.

Boubacar Boris Diop wa ku Senegal adachimvetsa ichi. M'buku lake la Murambi, la mu 2000, wokonza chiwembu ndi dokotala wolemekezeka, ndipo mwana wake wobwera kuchokera kunja ndiye amatulukira kuti bambo ake adaphetsa ngakhale mkazi ndi ana awo omwe.

Koma chenjerani ndi mbali inayo, chifukwa uko n'kumene kuli achinyengo. Kumupatsa wakupha mawu sikumukhulupirira. Akaidi aja ankakonda kunena kuti "tidachita", osati "ndidachita", ndipo ankayembekezera chikhululuko ngati malipiro. Wolemba amene angomeza zimenezo amasanduka loya wake. Masiku ano pa YouTube ndi m'timabuku tina mwadzaza anthu odzitcha akatswiri pa za ku Rwanda, ena akuti mbali zonse zidalakwa mofanana, ena akuti chidali chipwirikiti chabe cha nkhondo. Bodza limenelo! Wailesi ya ku Rwanda ya RTLM inkatchula mayina a anthu oti aphedwe pamphepo, ndipo m'misewu munali zipata zofunsa chitupa chosonyeza mtundu. Kupha anthuku kudakonzedwa, ndipo nkhani ya wophunzira yobisa kukonzako ndimaibweza osaipatsa malikisi.