Nambala 4,294,967,297 si ya prime

Loweruka lapitali tili kunyumba kwa achimwene ku Rosettenville, kuno ku Johannesburg, mwana wawo wa sekondale anatiuza molimba mtima kuti nambala yaikulu iliyonse yothera ndi 7 ndi ya prime, kutanthauza kuti siigawika ndi nambala ina kupatula 1 ndi iyo yomwe. Ayi ndithu. Ngakhale 27 imagawika ndi 3.

Koma sindinamudzudzule, chifukwa maonekedwe a nambala anasokeretsapo ngakhale akatswiri. Pierre de Fermat wa ku France anaona kuti 3, 5, 17, 257 ndi 65,537 zonse ndi za prime, ndipo anakhulupirira kuti yotsatira mumndandandawo, 4,294,967,297, ndi yoteronso. Nambala za mumndandandawu, zotchedwa nambala za Fermat, zimapezeka mukachulukitsa ma 2 okwana 1, 2, 4, 8, 16, 32 ndi kupitirira motero, n'kuwonjezerapo 1. Yaikuluyi ndi ya ma 2 okwana 32. Panadutsa zaka pafupifupi 90. Mu 1732 katswiri wina wa masamu, Leonhard Euler, anasonyeza, popanda kompyuta, kuti imagawika ndi 641.

Tinatenga foni ya alamu anga n'kuchulukitsa 641 ndi 6,700,417. Yankho linatuluka lomwelo, ndendende. Nambala ziwiri tinachulukitsazi ndizo za prime, ndipo chimene chimandichititsa chidwi n'chakuti kupitirira 65,537 palibe nambala ina ya Fermat imene yapezeka kuti ndi ya prime mpaka lero.